Filiza ya ku Limbe ndi chikwangwani choti katundu sabwezedwa

Chikwangwanicho ndinachiona tsiku lomwe ndinkagula, sindinganame kuti anachibisa. Chinali kukhoma, pamwamba pa mutu wa mtsikana wolandira ndalama, cholembedwa m'Chingerezi ndi zilembo zofiira, ndipo m'munsi mwake wina anawonjezera ndi cholembera kuti KATUNDU UKAGULA SABWEZEDWA. Ndinachiwerenga n'kupitiriza kuwerengera ndalama zanga. Munthu ukanyamula K850,000 pachiuno kuchokera ku Bangwe mpaka ku Limbe pa minibasi, ma K5,000 okhaokha okwana 170, mtima umakhala pa kufika osaberedwa. Za kukhoma suzilabadira.

Ine ndine mayi wa geni. Ndimakhala ku Namatapa, ndimapanga mafilizi a malambe ndi thobwa, ndipo Loweruka ndimagulitsa nkhuku zososola kale kwa anthu a m'dera mwathu. Kwa zaka zitatu ndinkasungitsa katundu wanga mufiliji ya neba, kulipira pamwezi, mpaka tinayamba kuyang'anana cham'mbali chifukwa cha mayunitsi a magetsi. Ndiye nditalandira gawo langa ku banki m'khonde, n'kuphatikiza ndi za chipereganyu, ndinati ndigule filiza yangayanga dzuwa la Okutobala lisanafike. Sitoloyo sinditchula dzina. Ili m'misewu ija ya ku Limbe yomwe mawailesi amalira mopikisana pakhomo lililonse, ndipo khalidwe lomwe ndikufotokozali mukalipeza m'masitolo angapo kumeneko.

Ndiyambe ndi zabwino, ndisamachite ngati munthu wopanda chiyamiko. Katundu alimo wambiri. Mafiliza aang'ono, apakati, ena aakulu oti munthu n'kugonamo. Anyamata ogulitsa ndi aulemu, sakukoka chitenje ngati a pamsika, ndipo mmodzi anandifotokozera bwino kusiyana kwa ya malita 150 ndi ya 200 osandikakamiza yodula. Anandipatsanso malangizo omwe ndinali ndisanawamvepo: filiza ikayenda pa galimoto, mafuta a mu kompulesa, kainjini kake koziziritsa, amasuntha, ndiye ukafika nayo usathamangire kuyatsa, iyambe yakhala chilili maola angapo. Anati ndiisiye mpaka m'mawa mwake. Ndinatero.

Koma mitengo sanamate pa katundu aliyense. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndaona masitolo ambiri a zamagetsi atasiya kumata mitengo, akuti dola ikusinthasintha. Zotsatira zake mtengo umatengera nkhope yako. Mnyamata woyamba anati K820,000. Nditayamba kulunjika kukhomo, bwana wawo anadzuka pampando n'kunena kuti 780. Ndipo atatsitsa mawu anawonjezera kuti, "Madam, ngati mukufuna lisiti la makina ndi 780 yomweyo, koma tikakulemberani la pamanja tichotsako 40."

K40,000 si ndalama yochepa kwa munthu wogulitsa mafilizi a K200. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Amene anandiletsa ndi mwana wanga wamkazi, wa Fomu 4, yemwe ndinamutenga kuti andithandize kuyang'anira chikwama. Anandinong'oneza kuti, "Amayi, la pamanjalo mawa adzalikana." Tinatenga la makina, lomwe limatuluka ndi dzina la sitolo, tsiku, nthawi ndi nambala yawo ya msonkho ku MRA. Mwana yemweyo anaona kuti pa lisitipo angolemba kuti filiza, osanena kuti iti, ndiye anagwada kumbuyo kwa filizayo n'kukopera nambala yaitali yomwe ili pa kapepala komata, n'kuumiriza kuti ailembe pa khadi la warranty, lolonjeza kuti katundu akavuta adzakonza kapena kusintha, n'kudindapo chidindo. Bwanayo anachita monyinyirika, akuseka kuti mwana wanuyu adzakhala loya. Warranty inali ya chaka chimodzi.

Chomaliza chomwe anandigulitsa ndi fridge guard, kabokosi kaja kolumikiza pakati pa soketi ndi filiza. Magetsi akabwera ndi mphamvu yopitirira kapena yoperewera kamadula, ndipo akazima n'kuyakanso kamadikira mphindi zingapo kasanalole filiza kuyaka. K30,000. Ndinadandaula kuti akundidyera, koma bwanayo anaumirira kuti popanda kameneka warranty siigwira. Anakalemba pa lisiti lomwelo. Pikapu ya hayala inanditengera K20,000 kukafika kunyumba, ndipo ndinalowa m'nyumba ndi K20,000 yotsala basi.

Masabata atatu oyamba zinthu zinayenda myaa. Ana a sukulu ankaima pampanda poweruka, mafilizi ali gwa ngati mwala. Ndinayamba kuwerengera kuti pofika Khirisimasi ndidzakhala nditabweza theka.

Tsiku la 23 chigulireni filizayo, kutangopita tsiku la anakubala la pa 15 Okutobala, ndinadzuka usiku ndikumva kompulesa ikulira osapuma. Kale inkalira pang'ono n'kukhala chete, koma usiku umenewo inangoti ng'ung'ung'u mpaka mbandakucha. Nditagwira m'mbali mwake munali motentha. Nditatsegula, chisanu chinali khoma limodzi lokha, la kumanzere, kwinako kuli madontho a madzi. Mafilizi a pamwamba anali atafewa ngati phala. Ndinadzinamiza kuti mwina ndaidzazitsa, ndinachotsamo zina n'kutseka. Ndiko kulakwa kwanga kumeneko, ndikuvomera. Pofika Loweruka m'mawa, nditakweza chivindikiro, fungo linandiuza zonse. Nkhuku 14 zomwe anthu anali atandiuziratu. Zisanu za pansi, zomwe zinali zikadali ndi chisanu m'kati, tinaphika tsiku lomwelo n'kugawana ndi maneba. Zisanu ndi zinayi bambo a kunyumba anakazikwirira kuseri kwa bafa, agalu akuzungulira.

Lolemba ndinahayanso pikapu. Apa ndi pomwe ndinaidziwa bwino sitoloyi, chifukwa nkhope zomwe zinkandimwetulira pogula zinali zitasintha. Anyamata aja anangoyang'ana pansi. Bwana anabwera, sanatsegule n'komwe filizayo, anangoloza kukhoma ndi chala.

"Madam, mwawerenga apo?"

"Ndawerenga, bwana. Koma filizayi siinathe mwezi."

"Magetsi a kwanuko ndi amene aotcha. Aliyense akudziwa mmene magetsi akuvutira. Ife za magetsi sitilipira."

Ndinatulutsa lisiti lija n'kumusonyeza mzere wachiwiri. Fridge guard, K30,000, yogula kwa iwo omwe, yomwe ananena okha kuti ndi yoteteza ku magetsi. Ndinati, "Ndiye mundiuze chimodzi, bwana. Kapena filiza yanu ndi yowonongeka, kapena kabokosi kanu ndi kabodza. Zonse ndinagula muno." Anakhala chete pang'ono, kenako anati ndiisiye, amisiri akaiona, ndibwere Lachisanu. Ndinapempha kapepala kosonyeza kuti ndasiya katundu. Anati palibe chifukwa, timadziwana. Ndinakhala pa katoni ina pakhomo pomwepo mpaka anandilembera.

Lachisanu: mmisiri sanabwere. Lachiwiri lotsatira: bwana apita ku Lilongwe. Lachinayi: tikudikira yankho kwa amene anatigulitsa. Ulendo uliwonse minibasi, ulendo uliwonse geni yaima. Foni yawo ikaona nambala yanga inkangolira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akuluakulu, koma pa sitolo imeneyi kasitomala ndi wawo pokhapokha ndalama ili m'manja mwake.

Amene ananditsegula maso ndi mlamu wanga, mphunzitsi wa ku sekondale ina kuno ku Blantyre, munthu wokonda wailesi ndi nyuzi. Ndinamudandaulira ndikuganiza kuti angondipepesa, koma anandifunsa kuti, "Mlamu, chikwangwanicho mwachijambula?" Anandifotokozera kuti chikwangwani chotere chilibe mphamvu pamaso pa lamulo. Wogulitsa saloledwa kudzichotsera udindo pa katundu wowonongeka pongolemba mawu kukhoma, ndipo bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amangoti CFTC, lakhala likulanga masitolo chifukwa cha zikwangwani zomwezi. Lamulo loyamba lokhazikitsa bungweli linali la 1998. Aphungu anavomereza latsopano mu 2024, linayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye chaka chomwecho, ndipo limapatsa bungweli mphamvu yolipitsa kampani chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zomwe imalowetsa pachaka, komanso yolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama kapena asinthiridwe katundu. Palinso lamulo lina loteteza ogula, la 2003, lomwe ine mayi wa geni ndinali ndisanalimvepo ngakhale kuti ndi lalikulu kuposa mwana wanga uja.

Anandichenjezanso kuti ndisapite ndi mtima wapachala. Lamulo silinena kuti ukagula chinthu, mawa n'kuona kuti mtundu wake sukukusangalatsa, sitolo ikubwezere ndalama. Likunena za katundu wosagwira ntchito yomwe unamugulira, kapena wosiyana ndi zomwe anakuuza pogulitsa. Filiza yosaziziritsa ili m'gulu limenelo.

Dzina la a John Kapito ndinkalimva pa wailesi kuyambira kale, iwo a bungwe la CAMA lomwe lakhala likulankhulira ogula kuyambira 1994. Koma ndinkaona ngati nkhani zawo ndi za mtengo wa mafuta a galimoto, shuga ndi magetsi, za anthu a mataye. Ngakhale tsiku la ogula la pa 15 Malichi ndinkangolimva ngati mwambo wa ku hotela. Sindinkadziwa kuti nkhani yake imafika mpaka pa nkhuku zanga zokwiriridwa kuseri kwa bafa.

Usiku womwewo tinalemba kalata, mlamu akunena mwana akulemba. Inali yaifupi. Tsiku logula, mtengo, nambala ya filiza, tsiku lomwe inasiya kuzizira, tsiku lomwe ndinaibweza, maulendo onse omwe ndinayenda. Kumapeto tinati ndikupempha kuti andisinthire kapena andibwezere ndalama pasanathe masiku 7, apo ayi ndikapereka dandaulo ku CFTC pamodzi ndi chithunzi cha chikwangwani chawo. Mwano sitinaikemo, ngakhale ine ndinali nawo wambiri wofuna kuikamo. Tinachita fotokope kalatayo, lisiti ndi khadi la warranty. Apa ndikuuzeni chinthu chimodzi, anzanga: malisiti a makina aja amafufutika. Langa linali litayamba kale kuyera m'mbali chifukwa ndinkalisunga m'kachikwama ka ndalama, komwe kamakhala pathupi dzuwa lonse. Lijambuleni pa foni tsiku lomwelo.

Nditapereka kalatayo ndinapempha kuti asayine pa kope langa. Bwana anaiwerenga kawiri. Sanakalipe. Anangoitana mnyamata n'kumuuza kuti akaitane mmisiri, yemwe masiku onsewa ankati sakupezeka, koma anatulukira pasanathe ndi theka la ola lomwe.

Mmisiri ameneyu ndi amene ndingamuyamikire pa sitolo yonseyi. Bambo wachikulire, wovala ovololo yothimbirira, wosalankhulalankhula. Anagwira ntchito ine ndikuona, m'kakhonde ka kuseri komwe amaunjikako makatoni. Anayatsa filiza, anaika khutu pa kompulesa, anayeza ndi kamita kake n'kunena kuti kompulesa ili moyo, siinapse. Analumikiza geji pa kapaipi ka kumbuyo, muvi wake sunasunthe kwenikweni. Gasi watha. Anapopamo mpweya pang'ono, anasungunula sopo m'kachitini, n'kumapaka thovu pa malo onse omwe mapaipi analumikizidwa. Malo oyamba zii. Achiwiri zii. Pachitatu, pomwe kapaipi kakang'ono ka mkuwa kamakumana ndi kena, thovu linayamba kufufuma pang'onopang'ono ngati chule akupuma. Anandikodola kuti ndione ndekha. Kenako anatembenukira kwa bwana wake n'kunena mosabisa kuti, "Apa sanawotcherere bwino ku fakitale. Magetsi alibe mlandu."

Bwana anafuna kuti angowotcherera pomwepo, athiremo gasi, ndinyamule. Ndinakana. Ndinati ndinalipira ndalama ya filiza yatsopano, osati yokonzedwa pakhonde isanathe mwezi. Mwina wina anganene kuti ndinaumitsa mutu, chifukwa kukonza nakonso ndi njira yovomerezeka yothetsera nkhani zotere, ndipo mmisiri uja ndikukhulupirira akanakonza bwino. Koma nditayenda maulendo anayi opanda pake, chikhulupiriro changa pa sitoloyi chinali chitatha, ndipo ndinkaopa kuti ikadzavutanso adzati munavomera nokha yokonzedwa. Tinakangana pang'ono, makasitomala ena atayamba kutchera khutu, mayi wina yemwe ankasankha ketulo atayibweza pa shelefu. Pamenepo ndi pomwe bwana anati chabwino, tengani ina. Anatsegula katoni yatsopano ine ndikuona, mwana wanga anakoperanso nambala, analemba khadi lina n'kudinda. Kuchokera tsiku lomwe ndinaibweza panali patatha masiku 19.

Za filiza yachiwiriyi ndilibe dandaulo lalikulu, ndipo ino ndi miyezi isanu. Ndi mtundu womwewo, malita 200. Mafilizi 150 ndikaika madzulo, m'mawa amakhala atauma. Magetsi akazima m'mawa n'kubwera usiku, bola osatsegulatsegula, katundu amakhala ali bwinobwino, makamaka ndikaika mabotolo a madzi oundana pansi. Phokoso lake ndi lochepa. Zomwe sindikondwera nazo ndi zing'onozing'ono: basiketi ya m'kati ndi imodzi yokha ndipo waya wake wayamba kale dzimbiri pangodya, loko wake ndi wachibwana moti mwana wa zaka zisanu akhoza kutsegula ndi supuni, ndipo kotulutsira madzi kali pansi kwambiri, umachita kuikweza pa njerwa kuti beseni lilowe. Mayunitsi omwe ankatifikitsa masabata atatu pano akutha m'masabata awiri, koma zimenezo ndinkaziyembekezera. Fridge guard ija, yomwe ndinkaiona ngati kundibera, ikugwira ntchito yake. Ndimaimva ikuti thapu magetsi akabwera.

Nkhaniyi yandisinthanso pa zinthu zina, mpaka ana akunditcha wapolisi. Ku butchala ndimayang'ana ngati sikelo ili ndi chomata cha a Malawi Bureau of Standards, chifukwa iwowo ndi amene amayeza masikelo a malonda. Mugolosale ndimatembenuza paketi ya mkaka kuona tsiku lothera. Mwezi watha m'sitolo ina yaikulu mtengo wa mafuta ophikira pa shelefu unasiyana ndi wa pa tilu ndi K700, ndinabwerera ndi mtsikana wa pa tilu mpaka pa shelefupo, anthu a pamzere akung'ung'udza kumbuyo kwanga. Anandibwezera. Komanso ine mwini ndine wogulitsa, ndiye chala chimodzi chikuloza kwa ine. Mayi wina atabweza thobwa kuti lasasa, ndinagwira lilime lomwe linkafuna kunena kuti munalawa nokha, ndinamupatsa botolo lina.

Kodi ndingakutumizeni ku sitolo imeneyi? Ngati muli ndi nthawi, mtima wolimba ndi mwana wa Fomu 4, pitani, mitengo yawo ndi yotsikirapo kusiyana ndi masitolo akuluakulu a ku Chichiri ndi m'tauni, ndipo mmisiri wawo ndi munthu woona. Koma ngati ndinu munthu wamanyazi, woti akakulozerani chikwangwani mungotembenuka n'kumapita mukulira chamumtima, onjezerani ndalama mukagule kwina. Ine zinanditengera kalata ndi dzina la CFTC kuti andichitire chinthu chomwe khadi lawo lomwe linalonjeza. Ndimaganizira agogo ochokera ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, amene agulitsa nandolo wawo n'kudzagula wailesi kapena sola, n'kulandira lisiti la pamanja pofuna kupulumutsa kangachepe. Amenewo akabwerera ndi katundu wakufa, chala cholozera kukhoma chija chimawakwanira.

Zomwe sindinabwezeredwe ndi izi: nkhuku 14, mafilizi omwe anasungunuka, K40,000 ya pikapu yobweza filiza yowonongeka ndi kutenganso yatsopano, ndi masabata pafupifupi atatu opanda geni pa nthawi yomwe dzuwa linkaswa mtengo. Nditatchula za pikapu, bwana anaseka n'kunena kuti, "Madam, mwapambana kale, musachite dyera." Mlamu akuti ndikhozabe kukadandaula za zimenezi, ndipo mapepala onse ndikusunga mu envulopu pansi pa matiresi. Sindinaganize bwino ngati ndili ndi mphamvu zoyambiranso.

Sabata yatha ndinadutsa pa sitolopo ndikupita kukagula mapepala a mafilizi. Ndinasuzumira. Mawu a Chichewa aja anawamata ndi kalendala ya kampani ya penti, koma a Chingerezi ofiira akadalipo pamwamba pake. Mmisiri uja anali pakhonde akumasula fani, anandizindikira n'kukweza sipanala.

"Ikuzizira, amayi?"

"Ikuzizira, bambo."